Dzenje Limene a Hector Ankamva M'masipika

Achimwene anga a Hector sanakhalepo ndi bwato kapena ukonde, ndipo kamunda kawo ka chinangwa ku Khuyu ndimalima ndine. Pa Likoma mwamuna wotere anthu amamuyang'ana kawiri. Iwo ankangoseka, n'kumati munda wawo ndi makutu. Sankanama. Kwa zaka pafupifupi makumi awiri makutuwo anatidyetsa, pakuti ankakonza mawailesi ndi masipika pa khonde la sitolo ina ku Chipyela. Ine ndine Dorica, mlongo wawo wotsiriza kubadwa, ndipo makina anga osokera ali pa khonde lomwelo, mapazi asanu kuchoka pa tebulo lawo. Zimene ndikunenazi sindinachite kuuzidwa.

Anachoka pachilumba mu 1978, ndevu zisanamere bwino, kutsata njira imene bambo athu ndi amalume athu anadzera. Ku Bulawayo anayamba ndi ntchito yokhoma matanki achitsulo. Zaka zisanu ndi ziwiri ankalowa m'kati mwa thanki m'mawa n'kutuluka dzuwa litapendeka, nyundo zili gogogo mbali zonse, m'makutu mulibe ngakhale kathonje. Kenako mwini sitolo ina ya mawailesi anawatenga kuti azinyamula katundu, ndipo kumeneko ndi kumene anaba ntchito ndi maso. Anabwerera kuno mu 2004, zinthu zitavuta ku Zimbabwe. Mkazi wawo wa Chindebele atamva kuti kwathu n'kokwera sitima, anakana kwamtuwagalu, natsala ndi ana awiri. Achimwene anatsika ndi sutikesi imodzi, bokosi la zipangizo, ndi kaseti imene ankaisamala kuposa pasipoti.

M'kasetimo munalibe nyimbo. Munali kulira kumodzi kokha, koyambira pansi penipeni ngati injini ya sitima ili kutali, n'kumakwera pang'onopang'ono mpaka kusanduka kaphokoso ka udzudzu. Ine ndinkadana nako kulirako. Mutu unkandiwawa, ndipo agalu a pamsika ankanyamuka n'kukagona kuseri kwa mlambe. Koma achimwene ankati nyimbo imabisa matenda a sipika, pomwe kulirako sikubisa kanthu. Ankakhala pa mpando patsogolo pa sipikayo, maso ali chitsinzinire, choko chili m'manja. Sipika yabwino imakwera mofanana kuyambira pansi mpaka pamwamba. Yodwala imafika pena n'kufooka, mawu n'kumira, kenako n'kutulukiranso patsogolo. Malo omirawo iwo ankawatchula kuti dzenje. Akalimva ankatsegula maso, n'kuona nambala imene yafika pa kowerengera ka wailesi ya kaseti, n'kuilemba ndi choko pambali pa bokosi.

Nambalayo inkawauza kolowera. Dzenje likakhala pansi, ndiye kuti bokosi likutaya mpweya penapake, kapena mwini wake waligunditsa kukhoma. Likakhala pakati, munthu wina wosadziwa anatembenuza mawaya. Likakhala pamwamba, vuto lili pa twita, kasipika kakang'ono kamene kamatulutsa mawu osongoka, kapena pa kapasita wake, kachipangizo kosefa mawu opita kwa twitayo, kamene chinyezi cha kuno sichichedwa kukapha. Tsiku lina a Mclean, aphunzitsi opuma ntchito, anabweretsa sipika yawo, ndipo achimwene asanamasule chilichonse anati, "Muli mavu umu." Anatsegula, n'kupezadi kanyumba ka dothi kali pa twita. Kuyambira pamenepo anthu ankati a Hector amamva ndi nyerere yomwe ikamayenda pa mphasa. Ine ndinkawanyadira, koma sindinkawaonetsa, kuopa kuti angayambe kundiyesa wantchito wawo.

Zaka zinayi zapitazo ndinayamba kuona nambala imodzi ikubwerabwera pa mabokosi. Sipika yatsopano yogulidwa ku Mzuzu, 41. Yakale ya ku Joni, 41. Kawailesi ka wamalonda a nkhuni wa ku Mozambiki, 41. Dzenje lomwelo, pamwamba, pamene kulira kumayamba kusongoka. Achimwene anayamba ndi kunyoza opanga a masiku ano. Kenako anati ndi chinyezi, kenako anati ndi magetsi. Ankachotsa kapasita n'kuika wamkulu, ankadula kachipangizo kochepetsa mphamvu ya twita, nthawi zina ankaboola bokosi n'kuwonjezera twita wachiwiri, mpaka dzenjelo litakwiririka m'makutu mwawo. Sipika ikachoka pa tebulopo inkalira mobaya ngati munthu akupala poto ndi mpeni. Iwo ankamwetulira, n'kuipukuta ndi kansalu.

Eni ake ankabwera, ankamvetsera nkhope zili gwa, n'kunena kuti, "Zikomo, a Hector, yasinthadi." Nawonso sankanama, inali itasinthadi.

Woyamba kubwera kwa ine anali Edith, mayi wachichepere wa ku Yofu. Anadikira kuti achimwene apite kukamwa tiyi, kenako anandinong'oneza.

"A Dorica, mulibe kachidutswa ka bulangete, kokhuthala?"

"Ka chiyani?"

"Nifuna nitseke kadiso kakang'ono kaja ka pa sipika. Chichokere kuno sipikayo, wandu onse kunyumba mano akutiyayamira."

"Nanga osawauza eni akewo bwanji?"

Edith anandiyang'ana ngati ndamuuza kuti atukwane m'tchalitchi. "Ine? Niwauze a Hector? Ni msinkhu wa bambo anga wamenewa."

Ndinampatsa. Sabata yotsatira anabwera wina, kenako wina. Ankadandaula kuti chidutswa chimagwa, ndiye ine ndi nzeru zanga zoipazi ndinayamba kusoka tizipewa tozungulira, thonje m'kati, ndi lamba wa lasitiki wozungulira bokosi lonse. Ndinkatisoka pamaso pa achimwene penipeni, iwo n'kumayesa kuti ndi togwirira mapoto otentha. Munthu ankanyamula sipika pa tebulo la mchimwene, mawa lake n'kudzatenga kachipewa kwa mlongo. Tizipewato tinapitirira makumi atatu.

Ndimakwiya ndikamaganiza zimenezi. Kuno kwathu munthu wamkulu, makamaka woti anapita kunja n'kubwerako ndi luso, sauzidwa kuti walakwitsa. Timamugwadira, timamuthokoza, n'kukamuseka kuseri kwa nyumba. Timati ndi ulemu. Chilumba chonse chinkadziwa kuti dzenjelo silili m'masipika, kupatula munthu mmodzi amene ankafunika kudziwa. Akuluakulu anati wakutsina khutu ndi mnansi, koma pa Likoma ponse, poti aliyense ndi mbale wa wina, panasowa mnansi. Ndipo woyamba kusowa ndinali ine, Dorica, woti pamsika amandiopa pakamwa.

Kunyumba zizindikiro zinali mbwee. Foni inkalira m'thumba mwawo iwo osaimva. Kutchalitchi ankayamba nyimbo anzawo atafika kale pa mzere wachiwiri. Ukawayankhula uli kumbuyo kwawo ankangoti, "Ati?" kenako n'kudandaula kuti anthu a masiku ano amayankhulira m'kamwa. Mawu aakulu ankawamva ndithu, bingu, ng'oma, mafunde a mwera. Chimene chinawathawa ndi timawu tosongoka tija timene timasiyanitsa liwu ndi linzake. Ndinayesapo kamodzi, tikusenda chinangwa pabwalo.

"Achimwene, bwanji tsiku lina mupite akakuoneni m'makutu?"

Anaika mpeni pansi. "Iwe Dorica, ukuti chiyani? Makutu awa akudyetsa zaka zingati?"

"Sinikunyoza ayi."

"Ngati watopa nane ungonena. Mundu wosasiyanitsa sipika ni chitini cha palafini aziniuza ine za makutu?"

Anakhala masiku atatu osandiyankhula, chakudya changa osachikhudza. Ndinkawaona atakhala pa mwala kuseri kwa nyumba, manja ali pa mawondo, ndipo ndinachita mantha. Mkazi alibe, ana samawaimbira, bwato sadziwa kupalasa. Ukawalanda makutu, atsala ndi chiyani? Ndinatseka pakamwa, ndinabwerera ku tizipewa tanga.

Ndiye mwezi wa Juni chaka chatha kunabwera a Marian. Amenewa ndi mayi wamasiye a ku Yofu, a msinkhu wa achimwene. Amuna awo a Davis anali mnzawo wa achimwene wa ponda apa m'pondepo kuyambira ku sukulu. A Davis anapita ku Joni kukagwira ntchito yophika, ndipo poti kulemba sankakukonda, m'malo mwa makalata ankajambula mawu awo pa kaseti n'kupatsira aliyense wobwera kumudzi. Anamwalira komweko mu 2001, n'kuikidwa komweko. A Marian alibe manda oti akasesepo. Ali ndi makaseti asanu ndi awiri, ndi masipika awiri aakulu a matabwa ofiirira amene a Davis anatumiza. Lamulungu lililonse akachoka kutchalitchi amaika kaseti imodzi n'kumvetsera amuna awo akufunsa za mbuzi zimene zinafa kalekale.

Anafika atasenza sipika imodzi pamutu, inayo atamusenzetsa mkamwini wawo. Pepala la m'kati mwa sipika imodzi linali litang'ambika, mawu akumanjenjemera.

"Alamu," anatero kwa achimwene, "anzanu ayamba kusasa mawu. Muwachize."

Ndinkayenera kuwakokera pambali a Marian tsiku lomwelo. Sindinatero.

Achimwene anagwira ntchito imeneyo ngati akusambitsa wodwala. Anamata pepala long'ambikalo bwinobwino, anatseka ming'alu ya bokosi, anapaka matabwa mafuta mpaka anawala. Pamenepo ntchito inali itatha, ndipo inali yabwino. Koma anatulutsa kaseti yawo ija. Anatsinzina. Kulira kunakwera, kunakwera, mofanana bwinobwino m'makutu mwanga, ndipo ndinaona dzanja la choko likunyamuka.

"Ngakhale za Davis zomwe," anatero akupukusa mutu. "Zaka zonsezi alamu akumvera mnzanga ali m'dzenje."

Anatsegula mabokosi onse awiri. Ine ndinaponda makina anga, ndinasoka tizipewa tiwiri ta nsalu yofiirira yogwirizana ndi matabwawo.

Zitatha achimwene anati akapereka okha, chinthu chimene sankachitira munthu aliyense. Tinanyamuka Lachinayi masana, iwo sipika imodzi paphewa ndi bokosi la zipangizo m'manja, ine inayo pamutu, tizipewa tili m'chikwama. Njira ya ku Yofu ndi ya miyala, koma ankayenda ngati mnyamata, akundiuza za tsiku limene iwo ndi a Davis anaba mango a abusa. A Marian anatilandira pabalaza, natiyalira mphasa. Achimwene analumikiza mawaya, anasuntha mabokosi kuti atalikirane ndi khoma, naika kaseti imene a Marian anawapatsa.

A Davis anali ndi mawu aakulu, ozizira, oti akayankhula umawamva pachifuwa. Chimene chinatuluka m'masipikamo chinali chinthu chowonda, cholira m'mphuno, chomveka siii pa liwu lililonse. Achimwene nkhope inawala.

"Mwamumva? Ni yemweyo! Davis weniweni!"

A Marian anaimirira. "Zimitsani."

"Ati?"

"Nati zimitsani!" Anakadina okha batani. "Wamenewa si a Davis. Mwawachita chiyani amuna anga?"

"Alamu, makutu anu anazolowera chindu chowonongeka. Mupirire masiku awiri, muzolowera."

"Nizolowere? Zaka makumi awiri ni zitatu nakhala ni mawu amenewa, inu muniuze kuti sinikuwadziwa? Ninakupatsani mundu wosasa mawu, mwanibwezera mlendo. Ena aja amakuopani, alamu. Ine nilibe china chotsala choti niziopera."

Apa ndi pamene ndinalakwitsa. Ndinkafuna kuzimitsa moto. Ndinatsegula chikwama, ndinatulutsa kachipewa, ndinakoka lamba kuzungulira bokosi, kachipewako n'kukhala pa twita ndendende, osafuna kukonzanso. Dzanja langa linali litazolowera. "Tayesaninso tsopano, a Marian," ndinatero. Nditatembenuka ndinapeza achimwene akuyang'ana dzanja langa.

"Dorica, ichi n'chiyani?"

Ndinachotsa dzanja pa bokosilo.

"Si togwirira mapoto tija?" Anakagwira, anakapinda ndi zala, anamva thonje m'kati. "Wasoka tingati?"

"Sinikudziwa."

"Nakufunsa."

"Topitirira makumi atatu, achimwene."

Anatuluka. Ndinaima pakhomo, ndinawaona akuodira pa nyumba ya Edith. Analowa, anatuluka. Anapita pa nyumba yotsatira, kenako ina kuseri kwa mitengo ya mango. Amayi amene ankayanika usipa pa thandala anasiya ntchito n'kuyang'ana pansi. Nyumba zinayi analowa, ndipo ine ndinkadziwa chimene anapeza m'zonsezo, poti ndinasoka ndine. Sindinachitepo manyazi otero chibadwire.

Atabwerera anachotsa kachipewa kaja, anatulutsa kaseti ya a Davis, naika yawo. Anakhala pa mpando monga mwa nthawi zonse, koma sanatsinzine. Ankayang'ana ife. Kulira kunayamba pansi, kunakwera. Kowerengera kanafika 35, 38, 40. Pa 41 phokoso linatibaya ngati singano, ndipo ine ndi a Marian tinagwira m'makutu nthawi imodzi, osapangana. Achimwene anali atakhala phee, pakuti kwa iwo pamenepo panali posalala. Anazimitsa.

"Ndiye kuti lili muno," anatero, chala chili pa khutu lawo. Ananena motsitsa, ngati akuuza mwini sipika vuto limene apeza. Kenako anandiyang'ana. "Zaka zitatu, Dorica. Unali pompo pambali panga."

Ndinalira.

Ndinkayesa kuti anyamuka n'kumapita, koma anagwada pa mphasa n'kutsegula bokosi la zipangizo. Anamasula masipika onse awiri. Anachotsa zonse zimene anawonjezera, anabwezera makapasita akale amene anali adakali m'kachitini kawo, ndipo pa waya wopita ku matwita analumikiza kabatani kopotokola, kokweza ndi kutsitsa mawu osongoka. Ntchitoyo inatenga nthawi, ndipo m'nyumbamo munkangomveka fungo la mtovu. Atatha anabwezera kaseti ya a Davis.

"Alamu, ine nizipotokola. Mukamumva, munene."

Anayamba kutsitsa pang'onopang'ono. Kulira kwa siii kuja kunachepa. Mawu anayamba kunenepa, kudzaza, kutsikira pachifuwa. Ndinaona nkhope ya achimwene ikukwinyika, poti pamene ife tinkayandikira kwa a Davis, iwo ankatalikira. Dzanja linaima kamodzi, likufuna kubwerera. Anadziletsa, napitiriza.

"Pamenepo," anatero a Marian. "Musakhudzenso. Ni iwowo."

Anakhala pansi, anaphimba kumaso ndi chitenje. A Davis anali m'nyumbamo ndi mawu awo onse. Ankafunsa ngati malata anafika, ankadandaula kuzizira kwa ku Joni, ankaseka okha. Kenako anati, "Amake Tendai, natumiza masipika awiri ni galimoto ya katundu. Zikadzavuta usapatse ana azizitokosa. Udzadikire Hector. Ujayu ngouma mutu, koma khutu lake silinama."

A Marian anatulutsa maso m'chitenje n'kundiyang'ana. Achimwene ankayang'ana milomo yathu, wina kenako wina, atapendeketsa mutu ku sipika. Anali atamva dzina lawo lokha.

"Wanitchula," anatero. "Dorica, akuti chiyani?"

Bodza linali kale pa lilime panga, lokoma, lofewa: akukupatsani moni, achimwene. Ndinalimeza. Ndinasendera pafupi, ndinaika pakamwa pa khutu lawo, ndipo ndinawauza mokweza, liwu ndi liwu, monga ananenera a Davis, osasiyako kanthu.

Kaseti inapitirira kunena za mbuzi. Achimwene anagwedeza mutu, anatolera zipangizo zawo chimodzichimodzi, natseka bokosi. Atayesa kulinyamula manja anawakanika, ndipo anandipempha kuti ndiwanyamulire.